Chilumba cha m'beseni langa

Amuna anga anaphunzitsa jogalafe zaka makumi atatu, ndipo chaka chilichonse ankandibera beseni. Ikafika sabata yophunzitsa za zilumba, ndinkadzuka kuti ndichape, n'kupeza beseni palibe. Ankalimangirira kumbuyo kwa njinga pamodzi ndi kathumba ka mchenga, n'kukaliika patebulo pamaso pa ana. Ankaunjika mchengawo pakati, kuthira madzi m'mbali pang'onopang'ono, kenaka n'kuloza ndi choko kuti ichi ndicho chilumba, mtunda wozunguliridwa ndi madzi mbali zonse. Masana beseni linkabwera lili matope okhaokha, ine n'kulitsuka ndikunyinyirika. Mpaka lero ndikakumana ndi akuluakulu ovala mataye m'maofesi a m'Chipata muno, ndimati mumtima, inunso chilumba munachionera m'beseni langa lochapira matewera.

Koma mwini phunziroyo chilumba anali asanachionepo. Anabadwira kumudzi kufupi ndi Mtenguleni, sukulu anaphunzira kuno, ntchito anagwira kuno. Madzi aakulu amene ankawadziwa anali a Lutembwe akasefukira, ndi a Luangwa powayang'ana pawindo la basi ya ku Lusaka. Ndinkawaseka nazo kuti aphunzitsi, mukuphunzitsa ana a eni chinthu chongomva. Iwo ankayankha kuti tsiku lina tidzapita, kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambi umenewo ndinaumva mpaka unandikola.

Chaka chachiwiri atapuma pantchito, anayamba kugunda phewa pamphuthu ya chitseko. Kenaka anagwetsa kapu ya tiyi ndi chigongono, kapu imene ndinali nditangowaikira pambali pawo. Anansi athu m'Kapata muno anayamba kudandaula kuti aphunzitsi penshoni yawapatsa matama, munthu ukawadutsa pambali sapereka moni. Ndinawakokera kuchipatala ngati mbuzi yopita kumsika. Dokotala atawapima anatikhazika pansi tonse awiri, n'kutiuza mosabisa kuti nthendayi imadya maso kuyambira m'mbali kulowera pakati, ndipo gawo limene lapita silibwerera. Anatipatsa mankhwala odontheza m'maso, koma anati amangochedwetsa, sachiritsa. Nditawafunsa amuna anga kuti amaona bwanji, anati zili ngati kusuzumira m'paipi, ndipo paipiyo ikunka nichepa.

Tikubwerera wapansi, anandigwira mkono, chinthu chimene sanachitepo pamsewu chikwatiranirane. Anandilumbiritsa kuti abale awo asamve. Anati kumudzi munthu akangomveka kuti akuchita khungu, amayamba kumukambirana ali pomwepo ngati kulibe, ndipo pasanathe mwezi wina amakhala atapita kale kukaombeza kuti apeze amene wamulodza. Woyamba kulozedwa chala ankadziwika, ndine mkazi wobwera. Ndinalonjeza. Koma tsiku lomwelo ndinalumbiranso changachanga kuti bambo ameneyu achiona chilumba paipi yakeyo isanatsekeke.

Ine kudekha ndilibe, aliyense wa pamsika wa Kapata pamene ndimagulitsa zitenje angakuuzeni. Ndinatenga kope lawo lakale losalembamo ndi bolopeni yawo yofiira yochongera mayeso, n'kuyamba kukonza ulendo. Mwana wathu wamkazi amene amakhala ku Lusaka anati Likoma ndiye pafupi, koma mapasipoti athu anali atatha kalekale, ndipo za mizere ya m'maofesi sindinafune n'kumva komwe. Atate ake nawonso anati ayi, chilumba chimene ankachijambula pabolodi chaka ndi chaka ndi Chilubi, pa nyanja ya Bangweulu. Njira yake inali yaitali: basi mpaka ku Lusaka, ina yokwera kumpoto mpaka ku Samfya, kenaka boti. Ndinati poti tafika kale kutali choncho, tikaonenso mathithi a ku Luapula amene ankawaloweza ana, Ntumbachushi ndi Lumangwe. Amuna anga anaseka n'kunena kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ndinawauza kuti pusiyo ndine, andisiye ndigwe.

Nthawi yopitira ndiyo inandisowetsa mtendere. M'miyezi yozizira ankati panyanja pamakhala mphepo yoipa, komanso mtedza unali usanagulitsidwe. Mvula ikangogwa, palibe munthu wa nzeru amene amasiya munda n'kukwera basi, ndipo ife tili ndi munda wa banja kumudzi kuja umene timalima limodzi ndi alamu anga. Panatsala Okutobala basi, mwezi umene phula limanyeta pamsewu ndipo agalu amagona malilime ali panja. Ndinalemba m'kopemo kuti tiyamba ndi mathithi, masiku anayi, kenaka titsikire ku Samfya, chilumba chikhale chomaliza. Ndili ngati mwana amene amabisa nthuli ya nyama kuseri kwa mbale kuti aidye pomaliza.

Pulani imeneyo ndinailemba kasanu. Mwana wathu ankayang'ana pafoni n'kundiuza kuti boti limanyamuka tsiku lakuti. Mayi wina wogulitsa nsomba zouma pamsika, amene amakaoda ku Samfya komweko, ankati ayi, limenelo linali kale, tsopano ndi tsiku lina, ndipo nthawi zina silipita n'komwe. Kondakitala wina anandiuza tsiku lachitatu losiyana ndi onsewo, ndipo analumbira kuti anakweramo yekha. Ndinkafufuta, kulembanso, kung'amba tsamba. Chikwama ndinachilongedza kutatsala milungu itatu, n'kuchimasula, n'kuchilongedzanso chifukwa ndinali nditaika mankhwala a maso pansi penipeni. M'mawa uliwonse ndisanasese ndinkatuluka kukayang'ana pamwamba pa phiri la Kanjala ngati mitambo yayamba kuunjikana. Makasitomala ndinkawayeza zitenje maso ali kumwamba, ndipo wina ndinamudulira chitenje mokhota.

Chimene sindinachiganizire ndi kutsanzika. Kwathu kuno munthu sayenda ulendo wongokaona. Umapita kumaliro, kukazonda matenda, kuukwati, kukaoda katundu, kapena kukasiya mwana kusukulu. Ndinayesa kuuza mnzanga wa benchi yoyandikana nayo kuti tikupita kukaona chilumba. Anandifunsa kuti kuli ndani kumeneko. Ndinati kulibe aliyense. Anafunsa ngati kuli nsomba zotchipa zoti ndikaode. Ndinati ayi, tikungofuna kukachiona. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anandifunsa ngati ndamwa madzi okwanira, poti dzuwa la mwezi uno limasokoneza mutu. Ndinadziwa pomwepo kuti kwa abale a amuna anga mawu amenewo sakagwira ntchito.

Loweruka lina alamu anga anabwera pa minibasi kudzatenga mbewu. Iwo ndi alongo awo a amuna anga, aakulu, ndipo ndi amene anawalera makolo atamwalira. Pa dziko lonse lapansi ndi iwo okha amene amati iwe kwa aphunzitsi. Maso awo sadutsa kanthu. Analowa kuchipinda kukasintha nsalu, n'kutuluka akufunsa kuti chikwama chili pabedicho n'cha ulendo wa kuti. Amuna anga anali atapita kukameta. Ndinatchula Chilubi, ndipo funso lija linabwera, kuli ndani. Pakamwa panga panathamanga kuposa mutu. Ndinati tikukazonda wodwala, mnzawo wa aphunzitsi amene anaphunzira naye kukoleji. Anafunsa kuti akudwala chiyani. Nthenda imene inali pamtima panga usana ndi usiku inali imodzi yokha, ndiye ndinangoti maso.

Alamu anakhala pansi n'kugwira tsaya. Anati maso ndi nthenda yomvetsa chisoni, munthu amasanduka mwana ali ndi ndevu. Anatiyamikira kuti tili ndi mtima wabwino, kupita kutali konseko chifukwa cha mnzathu. Ndinamva manyazi, koma ndisaname, ndinamvanso kupepuka. Ndinkaganiza kuti ndapeza kiyi wa chitseko chimene chinkandivuta.

Bodzalo linayenda mofulumira kuposa minibasi imene anakwera. Alamu anauza msuweni wawo wa m'tauni muno, msuweniyo anauza amayi a kutchalitchi kwathu. Lamulungu, pa nthawi ya mapemphero a odwala, mayi wina anaimirira n'kupempherera m'bale wathu wa pa chilumba cha Chilubi amene maso ake akuzima, kuti Ambuye amugwire dzanja. Mpingo wonse unayankha. Amuna anga anali atagwada pambali panga, ndipo ndinaona makutu awo akugwedera. Titatuluka tinayenda mpaka pa mphambano. Pamenepo ndi pamene anandifunsa kuti mnzawoyo dzina lake ndani, kuti mwina akafunsidwa asasiyane ndi ine. Ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti amene anandimanga pakamwa ndi iwo, ndiye asadabwe kuti mawu atulukira m'mbali.

Sabata imeneyo pabenchi panga panasanduka chipatala. Wina anabwera ndi mizu yoti wodwalayo azisukusula. Wina anati azidya kaloti wambiri. Gogo wina amene sindinkayankhulana naye chifukwa cha mkangano wa malo anabweretsa kolona yoti ndikamupatse. Zonsezo ndinkalandira ndi manja awiri n'kuthokoza, mtima ukundiluma. Kumwamba nakonso kunayamba kusintha. Masana kunkachita chifundi cholemera, ndipo Lachitatu ndinamva kugunda kwakutali cha ku Mchinji.

Lachisanu tinapita kumudzi kukatsanzika mwamwambo. Tinapeza alamu atayala mphasa pansi pa mango, nkhuku yaikazi yomangidwa miyendo ili pambali, ndi kathumba ka mtedza wosenda. Anati zimenezo n'za wodwala, munthu sakazonda matenda chimanjamanja. Tinathokoza. Kenaka anakonza kukhosi, ndipo ndinadziwa kuti kukubwera mlandu.

Anati nkhaniyi aiganizira bwino. Wodwalayo ndi mwamuna, ndi mnzake wa mlongo wawo, ine sindimudziwa n'komwe. Mvula ili pakhomo, mizere ya kumunda wakumtunda sinathe, mbewu sinagawidwe. Anthu awiri a nyumba imodzi kuchoka nthawi ngati imeneyi n'kutaya chaka.

"Manje tichite tere," anatero. "Mlongo wanga apite yekha, akamuone mnzake, abwere. Inu mlamu mutsale, Lolemba mubwere kuno tigwire khasu. Kuzonda sikufuna anthu awiri ai."

Panalibe pogwira. Mwa mwambo wathu ankanena zoona zokhazokha, ndipo msampha umenewo ndinautchera ndekha. Ndinayamba kubwebweta kuti aphunzitsi sadziwa kusunga tikiti, kuti amaiwala kudya, kuti Chibemba cha kumeneko sachimva. Alamu anandidula kuti munthu amene anaphunzitsa mapu zaka zonsezo sangasochere pa basi. Ndinayang'ana amuna anga kuti anenepo kanthu. Anangowongola khosi, akuyang'ana kutsogolo. Ndinawaona m'maganizo ali okha pa siteshoni ya ku Lusaka, mabasi akubwerera chammbuyo mbali zonse, anyamata a mawilibala akuthamanga, iwo akusuzumira m'paipi yawo.

Alamu analowa m'nyumba n'kutuluka ndi makapu a thobwa. Ine anandipatsa yanga. Kenaka anagwada kumanzere kwa mlongo wawo n'kutambasula dzanja. Kunyumba tinali titazolowerana kale kuti wina akawapatsira chinthu cha m'mbali ndimatsokomola, iwo n'kutembenuza mutu. Tsiku limenelo chifuwa chinabwera pakhosi, koma ndinachimeza. Ndinachita dala. Kapu inakhala m'malere, pafupi ndi tsaya lawo, ntchentche n'kutera pamlomo pake. Amuna anga ankangoyang'ana kumunda. Alamu anayang'ana kapu, anayang'ana mlongo wawo, n'kuisendeza pang'onopang'ono mpaka inafika kutsogolo kwa mphuno. Apo m'pamene amuna anga anadzidzimuka n'kunena kuti zikomo.

Alamu sanaipereke kapuyo. Anaiika pansi.

"Iwe, mnzako wa ku chilumbayo anayamba liti kudwala maso?"

Amuna anga anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Chaka chatha, alongo. Kumanzere kunapita kale. Kumanja kwatsala pang'ono chabe."

Ndinkayembekeza kulira, koma choyamba kubwera chinali ukali, ndipo unagwera ine. Alamu anandifunsa kuti ndinawaona ngati ndani, mlendo wodutsa kapena mfiti, kuti ndiwapempheretse mpingo wonse chifukwa cha munthu wa kutsidya la nyanja pamene wodwala weniweni ndikudya naye mbale imodzi. Anati mwana ameneyu anamubereka kumsana iwo, anamutsuka zilonda za chikuku iwo, lero akumva za maso ake kuchokera kwa kapu ya thobwa. Amuna anga anayesa kunena kuti analetsa ndi iwo, koma anauzidwa kuti atseke pakamwa, akulu akulankhula. Ine amene sindigonja pa mkangano ndinangoti ndalakwa, mlamu. Misozi ya alamu inabwera pambuyo, ali chotembenukira kukhoma la nyumba, akupukuta ndi nsonga ya chitenje.

Atatha anafunsa kuti nanga ngati kulibe wodwala, ku Chilubiko tikukatani, kapena kuli sing'anga wa maso. Ndinati kulibe. Ndinawafotokozera za beseni, za mchenga, za ana a eni zaka makumi atatu, ndi kuti ndikufuna achione ndi maso awo chinthu chimene ankaloza ndi choko. Sanamvetse, ndipo sananamizire kumvetsa. Anati madzi ndi madzi, ngati akufuna mtunda wa pakati pa madzi adikire Lutembwe adzaze, amasiya tizilumba tambirimbiri. Anapukusa mutu nthawi yaitali. Kenaka anafunsa mlongo wawo ngati iyeyo akuchifunadi chinthu chimenechi kapena ndi misala ya mkazi wake. Amuna anga anati akuchifuna.

Alamu anaimirira, anatenga nkhuku ija n'kuipanira kukhwapa. Anati inali ya wodwala, ndipo wodwala wafika yekha, ndiye idyedwa lero lomwe. Za munda anati tisawauze zochita, anayamba kulima ife tisanabadwe. Akupita kuseri kwa nyumba ndi mpeni anatembenuka n'kundiloza nawo.

"Mupite naye, mlamu. Ndipo musamusiye dzanja. Akakafunsa kuti ichi n'chiyani, pakhale womuyankha."

Tinabwerera ku Kapata madzulo kusanade, mphepo ikuulutsa mapepala ndi fumbi pamsewu, kumwamba kuli bii cha kum'mawa. Mvula sinagwe tsiku limenelo, koma fungo lake linamveka. Ndinali ndi mkwiyo wotsalira, manyazi, ndi mantha akuti amuna anga andisungira chakukhosi chifukwa cha chifuwa chimene ndinameza chija. Sanachitchule, mpaka lero sanachitchulepo.

M'mawa mwake ndinatulutsa tebulo pakhonde pamene pali kuwala, n'kutsegula kope lija kuti ndiwawerengere pulani komaliza ndisanapite kukagula matikiti. Iwo anabwera ndi mapu awo akale a nsalu, amene anachoka nawo kusukulu atang'ambika m'makona. Anawayala, n'kuyamba kufufuza ndi chala. Chala chinapita ku Mansa, chinabwerera, chinadutsa pa nyanja ya Bangweulu osaima, chinakafika mpaka ku Kongo. Munthu amene ankajambula nyanja imeneyo pabolodi osayang'ana m'buku ankayendetsa mutu uku ndi uku ngati nkhuku yofuna njere. Ndinagwira chalacho n'kuchiika pamalo pake. Mwezi umodzi m'mbuyomo ankapapeza okha.

Ndinayamba kuwerenga mofulumira kuti ndisalire. Lolemba Lusaka, kugona kwa mwana. Lachitatu Mansa. Kenaka mathithi, masiku anayi, kenaka Samfya, kudikira boti, ndipo pomaliza penipeni chilumba. Ndinawauza monyada kuti chokoma ndachisungira kumapeto.

Anandisiya mpaka ndinamaliza. Kenaka anafunsa kuti kuchokera lero mpaka tsiku la chilumbalo ndi masiku angati. Ndinati khumi ndi awiri, boti likapezeka. Anagwedeza mutu, chala chili pomwe ndinachiika paja.

"Amake ana, tembenuzani. Tiyambe ndi chilumba. Mathithi ngakhale nditachedwa ndikawamva ndi makutu."

Ndinatsegula pakamwa kuti nditsutse, poti pulani imeneyo inandidyera milungu itatu ndi masamba asanu. Ndinafuna kunena za masiku a boti, za njira yobwerera kawiri, za kuona maso a nkhono kuja ankandiuza zaka zonsezi. Koma aka kanali koyamba chikwatiranirane kuti iwo akhale ofulumira kuposa ine, ndipo ndinachita mantha kwambiri.

Ndinatenga bolopeni yawo yofiira n'kukhwatcha tsamba lonse. Patsamba latsopano ndinalemba nambala wani, yaitali kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo pambali pake ndinalemba kuti CHILUMBA ndi zilembo zazikulu ngati za pa chikwangwani cha sitolo. Ndinawasendezera kopelo kutsogolo kwa mphuno, monga anachitira alamu ndi kapu ija. Analiyang'ana, akuyendetsa mutu kuchokera ku chilembo choyamba mpaka chomaliza.

"Ichi ndachiona," anatero.

Ndinavala nsapato n'kuthamangira kusiteshoni osatseka ndi geti lomwe, ndipo ndinapempha mipando iwiri ya basi ya m'mawa mwake, wawo ukhale wa pawindo la kumanja.